MSAMBO WODUMPHA MIYEZI: ZIMENE NDIDAPHUNZIRA KWA AMAYI A KU NSAMBE

Ntchito yanga ndi yoyendera zitsime, zimbudzi, misika ndi malo ophera nyama. Kwa zaka pafupifupi makumi aŵiri ndakhala ndikuyenda m'midzi ndi kabuku m'manja, kuŵerenga makomo amene ali ndi dzenje la zinyalala ndi thandala la mbale. Nkhani za msambo ndi kubereka ndinkati mwini wake ndi namwino ndi mzamba. Maganizo ameneŵa ndidawasiya ku Nsambe, kumapiri a m'boma la Neno, m'nyengo yozizira ya mwezi wa June.

Tsiku limenelo tidamaliza kukonza mjigo dzuŵa litapendeka. Anthu akubalalika, mayi wina wachikulire wa m'komiti ya madzi adandiitanira pambali nati, "Bambo a zaumoyo, zitsime mwaona. Nanga za mwana wa mng'ono wanga mungandithandize maganizo? Ankhoswe akhala pansi Loŵeruka likudzali, ndipo banja lija likutha."

Mayi amene ankanenedwayo adandilola kuti ndilembe nkhani yake malinga ndisatchule dzina lake kapena mudzi wake. Amayi enanso aŵiri amene mumve za iwo m'munsimu adapempha chimodzimodzi.

Mimba zitatu zimene sizidaoneke

Mayiyu adali ndi zaka 27 ndipo adali atakhala pabanja zaka zisanu popanda mwana. Chiyambire utsikana wake ankasamba katatu kapena kanayi kokha pachaka. Atakwatiwa, msambo udaleka miyezi inayi, thupi lidayamba kunenepa, apongozi nayamba kumpatula pa ntchito zolemetsa. Mwezi wachisanu magazi adabwera ambiri ndipo adatha masiku khumi. Onse adati mimba yachoka. Zidachitikanso kaŵiri, ndipo ulendo wachitatu anthu adayamba kunena kuti mimbayo yathaŵira kumsana, ena nati alipo amene akumdyera ana m'mimba.

Pamenepo n'kuti tsitsi lolimba litayamba kumera pachibwano pake. Ankalizula usiku ndi zala, ndipo masana ankamanga mpango mpaka kukamwa ngakhale kunja kutatentha. Kumjigo amayi ena ankaleka kucheza iye akafika. Mau adamveka akuti mkazi wandevu sabereka chifukwa ngwa mankhwala. Mwamuna wake adagulitsa matumba atatu a mbatata ya kachewere ndi mbuzi imodzi kuti alipire asing'anga aŵiri, wina wa kuno, wina wa kutsidya kwa malire a Mozambique. Adamtemera mphini m'chiuno, adamwa mizu yoŵaŵa miyezi isanu ndi umodzi, koma msambo sudasinthe.

Ine si dokotala, tsono chimene ndidachita ndi kupempha kuti ankhoswe aimitse kaye mlandu, ndi kuti mayiyo apite kuchipatala pamodzi ndi mwamuna wake. Atayezedwa ndi kuunikidwa m'mimba kuchipatala cha boma ku Neno, zidapezeka kuti mimba zitatu zija sizidaliko n'komwe. Chimene chinkamvuta ndi matenda amene madokotala amalemba ndi zilembo zinayi zakuti PCOS. Ife m'nkhani ino tiziti matenda a nkhokwe za mazira.

Kodi matendaŵa ndi otani?

Mkazi aliyense ali ndi tiziŵalo tiŵiri m'chinena, kena kumanja kena kumanzere kwa chiberekero, momwe mumasungidwa mazira ake. Tiziŵaloti tingatiyerekeze ndi nkhokwe. Mwezi uliwonse mazira angapo amayamba kukula, lililonse m'kathumba kake ka madzi, koma limodzi lokha ndilo limakhwima ndi kutuluka. Likakumana ndi mbeu ya abambo, mimba imakhala. Likapanda kukumana nayo, patapita masabata aŵiri chiberekero chimataya chikuta chimene chidayala, ndipo ndiwo msambo umenewo.

Zonsezi zimayendetsedwa ndi timadzi ta m'magazi totchedwa mahomoni. Mkazi aliyense ali ndi mahomoni achimuna pang'ono, monganso mwamuna ali ndi achikazi pang'ono. Kwa mayi wa matendaŵa mahomoni achimuna amachuluka kupyola muyeso. Mazira amayamba kukula ambiri nthaŵi imodzi, koma amaima panjira osakhwima, monga chimanga chofesedwa mothithikana chimene chimangotalika osabereka. Popeza dzira silidatuluke, msambo umachedwa ndipo mimba imavuta. Dokotala akaunika ndi makina a sikani amaona timatumba tambiri ting'onoting'ono titandandalika m'mphepete mwa nkhokweyo ngati mikanda. Timatumbati si zotupa, si khansa, ndipo sitifuna opaleshoni.

Palinso homoni ina yotchedwa insulini, imene ntchito yake ndi kuloŵetsa shuga wa m'zakudya m'minofu kuti akhale mphamvu. Matupi a amayi ambiri odwala matendaŵa saimvera bwino insulini. Thupi limapanga yochuluka, ndipo insulini yochulukayo imakankha nkhokwe za mazira kuti zipange mahomoni achimuna ambiri. N'chifukwa chake kunenepa, ndevu ndi kusoŵa kwa msambo zimayendera limodzi kaŵirikaŵiri.

Matendaŵa si achilendo. M'chaka cha 1935 madokotala aŵiri a ku Chicago, ku America, Irving Stein ndi Michael Leventhal, adalemba za amayi 7 amene adali ndi zizindikiro zomwezi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidati mwa amayi 100 a msinkhu wobereka, amayi 6 mpaka 13 ali ndi matendaŵa, ndipo mwa amayi 10 odwala, mpaka 7 sadziŵa kuti akudwala. Tsono inu amene mukuŵerenga nkhani ino pabenchi la chipatala, mukayang'ana amayi makumi aŵiri amene mwakhala nawo pamzere, mwina mmodzi kapena aŵiri ali nawo. Matendaŵa amayenda m'magazi a pamtundu. Mayi akakhala nawo, kaŵirikaŵiri mwana wake wamkazi kapena mchemwali wake amakhalanso nawo. Sapatsirana pogonana, sabwera chifukwa cha chiwerewere kapena kutaya mimba, ndipo sachokera kwa mfiti.

Zizindikiro zake

Akatswiri atakumana mumzinda wa Rotterdam, ku Netherlands, m'chaka cha 2003, adagwirizana kuti mayi anenedwe kuti ali ndi matendaŵa akapezeka ndi zinthu ziŵiri mwa zitatu izi, matenda ena ofanana nawo atayezedwa n'kusoŵa.

Choyamba ndi msambo wosalongosoka. Muziŵerenga kuyambira tsiku loyamba kusamba kufikira tsiku loyamba la msambo wotsatira. Kwa mayi wamkulu masikuwo ayenera kukhala pakati pa 21 ndi 35. Ngati amapyola 35, kapena mumasamba kosakwana kasanu n'katatu pachaka, pitani mukaonedwe.

Chachiŵiri ndi kuchuluka kwa mahomoni achimuna. Kumaonekera pa tsitsi lolimba lomera pachibwano, pamlomo wam'mwamba, pachifuwa kapena pamimba, pa ziphuphu zosatha ngakhale munthu atakula, ndiponso pa kuthothoka kwa tsitsi la pakati pamutu.

Chachitatu ndi timatumba tija, timene timaoneka pa sikani pokha.

Amayi ena amanenepa makamaka m'mimba, ndipo ena khungu la m'khosi ndi m'khwapa limada ndi kukhuthala ngati pali litsiro losachoka ndi sopo. Koma musaganize kuti matendaŵa ndi a anthu onenepa okha. Alipo amayi oonda amene ali nawo.

Tikumbutsanenso kuti si msambo uliwonse wosoŵa umene uli matendaŵa. Mimba, kuyamwitsa, jakisoni wolera wa Depo, njira yolera ya pamkono, kuonda kwambiri chifukwa cha njala kapena matenda, ndi vuto la chithokomiro, zonsezi zimaimitsa msambo. Mtsikana amene wangotha msinkhu amathanso kudumpha miyezi chaka choyamba popanda vuto lililonse. N'chifukwa chake woyenera kugamula ndi wachipatala, osati anzanu a kumjigo, ngakhalenso ine woyendera zitsime.

Mtsikana amene adasiya sukulu

Wachiŵiri amene ndidacheza naye, amayi ake ali pomwepo, ndi mtsikana wa zaka 19. Iye za ana adalibe nazo nkhaŵa. Chimene chidamtulutsa m'kalasi ali Folomu 2 ndi nkhope yake. Ziphuphu zidadzaza masaya, tindevu tidamera, ndipo anyamata adampatsa dzina lachipongwe limene sindingalilembe pano. Adagula mafuta oyeretsa khungu pamsika, nkhope nkupserera mabala. Msambo utasoŵa miyezi itatu, amalume ake adamkalipira kuti ali ndi pathupi ndipo atchule mwamuna. Adalira masiku aŵiri, chifukwa mwamuna adali asadamdziŵe.

Amayi ake adandiuza kuti mwanayo adafika poleka kudya ndi anzake, nkumangodzitsekera m'nyumba. Nkhani imeneyi tisaitenge mopepuka. Madokotala adapeza kuti amayi a matendaŵa amadwala nkhaŵa ndi kukhumudwa kwa mumtima kuposa amayi ena. Mwana wanu akayamba kudzipatula, kusagona tulo, kapena kulankhula zakuti kuli bwino kufa, mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo, monga mukadachitira akadakhala ndi malungo.

Mtsikanayu adapatsidwa mapiritsi olera, aja akumwa tsiku ndi tsiku. Poyamba bambo ake adakana, nati mankhwala amenewo ndi a amayi apabanja ndipo amuphunzitsa uhule. Namwino adakhala nawo pansi nawafotokozera kuti mapiritsiwo ndi mahomoni achikazi, amene amachepetsa mphamvu ya achimuna ndi kubweza msambo mwezi ndi mwezi. Ziphuphu zidachepa patapita miyezi ingapo. Tsitsi limachedwa kumva mankhwala, limafuna miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, ndipo lomwe lidamera kale silithothoka lokha. Kulimeta kapena kulizula sikulakwa, ndipo si zoona kuti lumo limachulukitsa ndevu. Pamene ndidadutsanso kumeneko, mtsikanayo adali atabwerera kusukulu.

Mayi wa ana aŵiri

Wachitatu ndi mayi wa zaka 41, wogulitsa tomato ndi mandasi. Ana ake aŵiri adabadwa motalikirana zaka zisanu ndi zitatu popanda kulera. Msambo wodumpha adauzoloŵera, ndipo ankati ndi mwayi chifukwa sopo ndi nsalu sizimuthera. Adabwera kuchipatala chifukwa cha ludzu losatha, kukodza usiku wonse ndi chilonda cha pamwendo chosapola. Adampeza ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Pomfunsa mbiri yake m'pamene zidadziŵika kuti gwero lake lidali lomwe lija, ndipo lidakhala naye kuyambira utsikana.

Phunziro la mayiyu ndi lakuti matendaŵa satha ndi kubereka. Amene ali nawo ayenera kuyezetsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi kaŵirikaŵiri moyo wake wonse. Kusoŵa kwa msambo nakonso si mwayi. Chikuta cha m'chiberekero chikakhala miyezi yambiri osatayidwa chimakhuthala, ndipo pakapita zaka chingathe kusanduka khansa ya m'kati mwa chiberekero. Khansa imeneyi ndi yosiyana ndi ya khomo la chiberekero imene amayi amayezetsa kusikelo. Lamulo losavuta kukumbukira ndi ili: mukatha miyezi itatu osasamba, pamene mulibe mimba, simukuyamwitsa ndipo simuli pa njira yolera, pitani kuchipatala.

M'boma la Neno odwala shuga ali ndi poyambira. Bungwe la Partners In Health, limene kuno timalitcha Abwenzi Pa Za Umoyo, lidayamba kugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo m'bomali m'chaka cha 2007, ndipo m'chaka cha 2015 kudakhazikitsidwa kiliniki ya matenda a mgonagona, yoona pamodzi odwala shuga, kuthamanga kwa magazi, mphumu, khunyu ndi HIV. Mayi uja adalembetsa kumeneko, ndipo chilonda chake chidapola.

Chithandizo chilipo

Mankhwala ochotseratu matendaŵa kulibe, ndipo aliyense wokuuzani kuti ali ndi muzu kapena botolo lotsuka nkhokwe za mazira akufuna ndalama zanu. Koma chizindikiro chilichonse chili ndi chithandizo chake, malinga ndi chimene mayi akufuna pa nthaŵiyo.

Kwa amene sakufuna mimba tsopano, mapiritsi olera amalongosola msambo, amateteza chiberekero, ndipo amachepetsa ziphuphu ndi tsitsi. Sayenera aliyense. Amene magazi ake amathamanga kwambiri, wosuta fodya wa zaka zoposa 35, ndi amene wangobereka kumene, wachipatala amawasankhira njira ina. Mapiritsiŵa saumitsa chiberekero. Mayi akawasiya, mphamvu yake yobereka imabwerera pamene idali.

Kwa amene thupi lake silimvera insulini pali mankhwala a metformin, omwe aja amamwa odwala shuga. Masiku oyamba amatha kutsegula m'mimba, n'chifukwa chake amayamba pang'onopang'ono ndipo amamwedwa pakudya.

Kwa amene akufuna mwana pali mankhwala okhwimitsa dzira, monga letrozole ndi clomiphene. Malangizo a akatswiri a m'maiko ambiri amene adatuluka m'chaka cha 2023 amaika letrozole patsogolo. Mankhwalaŵa amafuna dokotala woŵerengera masiku, chifukwa akamwedwa mwachisawawa amatha kutupitsa nkhokwe za mazira kapena kubweretsa mimba ya ana ambiri. Musagule pamsika kapena kubwereka kwa mnzanu. Yambirani pachipatala chanu chaching'ono, monga cha Nsambe kapena cha Dambe. Akaona kuti n'koyenera adzakutumizani ku Neno kapena ku Lisungwi, ndipo zikafuna katswiri wa matenda a amayi, ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Amayi ambiri a matendaŵa amabereka, ena popanda mankhwala, ena atathandizidwa. Mimba ikakhala, yambani sikelo msanga ndipo muuzeni mzamba za matenda anu kuti aziyang'anira shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Pa za chakudya ndilankhule mosamala. Amayi a ku Nsambe amakwera mapiri ndi mitolo ya nkhuni, amalima ndi kusenza madzi, ndipo palibe angawanene ulesi. Kunenepa kwa matendaŵa kumachokera m'kati mwa thupi. Komabe kwa amene thupi lakula, kutsitsako pang'ono kumathandiza kwambiri. Mayi wolemera makilogalamu 80 akatsitsa 4 mpaka 8, kaŵirikaŵiri msambo umayamba kulongosoka. Nsima ya mgaiwa iposa ya ufa woyera. Mbale ichuluke nyemba, nandolo, nkhwani, chisoso ndi bonongwe, ndipo nsima ichepeko. Chepetsani shuga wa mu tiyi ndi m'thobwa, zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, mandasi ndi chipisi. Kudzimana chakudya tsiku lonse sikuthandiza.

Chinthu china chimene mungayambe lero osalipira kanthu ndi kulemba masiku. Tsiku limene mwayamba kusamba, lembani kumapeto kwa buku lanu la kuchipatala. Ngati kulemba kumavuta, pemphani mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu akuthandizeni. Masiku a miyezi isanu ndi umodzi olembedwa bwino amamuuza dokotala zambiri.

Mau kwa abambo, apongozi ndi ankhoswe

Lipoti la WHO la m'chaka cha 2023 lidati munthu mmodzi mwa anthu 6 alionse amakumana ndi vuto la kusabereka pa nthaŵi ina ya moyo wake. Pakati pathu mwana akasoŵa m'nyumba, chala chimaloza mkazi. Koma m'mabanja ambiri vuto limapezeka kwa mwamuna, kapena kwa onse aŵiri. Matenda opatsirana pogonana osachizidwa bwino, monga chinzonono, amatseka njira za mazira kwa mkazi ndi njira za mbeu kwa mwamuna. Likodzo nalonso limaononga ziŵalo zoberekera. Tsono banja likatha chaka chathunthu likufuna mwana osampeza, apite onse aŵiri. Kuyeza mbeu ya abambo n'kosavuta ndipo sikupweteka. Safunsa adadya phula.

Inu apongozi, mpongozi wanu akamera ndevu sadakhwime. Ndi mahomoni, ndipo mwina mwana wanu wamkazi amene adakwatiwa kutali akuzula zakezo usiku. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Inu ankhoswe, musanathetse banja chifukwa cha kusabereka, funsani kaye ngati aŵiriwo adafika kuchipatala, ndipo muone buku lawo.

Mwina mukufuna kudziŵa za mayi woyamba uja. Ankhoswe adavomera kudikira. Mwamuna wake adayezedwa napezeka kuti ali bwino, ndipo iye mwini ndiye adakafotokozera amayi ake zimene dokotala adanena. Mayiyo adayamba kumwa mankhwala, ndipo msambo wake tsopano umabwera pafupifupi mwezi uliwonse. Pamene ndikulemba nkhani ino mwana sadabwere, ndipo palibe amene angalonjeze tsiku lake. Adokotala adawauza kuti chiyembekezo chilipo chachikulu popeza msinkhu ukadalipo, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Mbuzi yachiŵiri imene idayenera kupita kwa sing'anga ikadali m'khola, ndipo yaswa.

Mwezi wathawu ndidapitanso kukayendera mjigo uja. Ndidampeza mayiyo ali pamzere ndi anzake, mpango uli kumutu kokha. Adandiuza kuti amayi aŵiri a m'mudzimo adamtsata kunyumba mwakachetechete kudzafunsa njira imene adayenda, ndipo Lachiŵiri lotsatira adawaperekeza yekha kuchipatala.